Mpikisano wa tigalimoto umene wothamanga sapambana

Pa mafoni a achinyamata a kwa Malemia ku Nsanje masiku ano pamadutsa timakanema ta tigalimoto ta rimoti tikukwera miyala yoposa msinkhu wawo. Tina timafanana ndi Land Cruiser, tina Jeep, tina Hilux yakale ija, ndipo pambuyo pake pamakhala munthu wamkulu ndithu, wandevu zake, akutsatira mwachidwi rimoti ili m'manja. Masewerawa amatchedwa rock crawling, ndipo ali ndi malamulo ake, oweruza ake ndi mipikisano yake. Kwathu kuno amakambidwa kwambiri ndi anthu amene angowaonera pa Facebook kapena pa YouTube, choncho zonena zambiri zimakhala ndi kachoonadi mkati koma zitaphonya pena. Ndikufuna tizisanthule modekha, chifukwa ndikukhulupirira kuti dera lathu lino, lokhala pakati pa mtsinje wa Shire ndi mapiri a ku Chididi, lili ndi malo komanso manja oyenera masewerawa.

Funso loyamba kutuluka pakamwa limakhala lakuti, “Kamathamanga bwanji?” Ndi funso lomveka, pakuti mipikisano imene tinakulira ndi ya liwiro, ndipo tilipodi tigalimoto ta rimoti tothamanga kupitirira makilomita 100 pa ola pamsewu wa phula. Koma tokwera miyala ndi mtundu wina. Munthu amakatsatira akuyenda wapansi, ndipo pamalo ovuta tayala likhoza kutenga masekondi angapo kuti lizungulire kamodzi. Masewerawa anatengera galimoto zenizeni zimene anthu a ku America amakwera nazo matanthwe, monga pa njira ya Rubicon ku California, kumene eni ma Jeep anayamba kusonkhana chaka ndi chaka mu 1953, ndi ku Moab m'chigawo cha Utah. Kumeneko dalaivala wopupuluma amathyola ekiselo, ndipo pa kagalimoto kakang'ono zimakhalanso chimodzimodzi.

Pampikisano amaika zipata pamiyala, kawirikawiri khumi. Chipata chimakhala zizindikiro ziwiri zotalikirana pang'ono chabe kuposa mulifupi mwa kagalimoto, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito mipira ya tenisi yodula pakati. Woyendetsa amadutsa zipatazo motsatana nthawi imene wapatsidwa isanathe, woweruza ali pambali ndi pepala. Pa malamulo ofala kwambiri, kubwerera m'mbuyo ndi chilango cha pointi imodzi, kugubuduzika ndi mapointi 5, kukhudza chizindikiro cha chipata ndi 10, kugwira kagalimoto ndi dzanja kuti ukaike bwino ndi 10, pamene chipata chilichonse chimene wadutsa chimakuchotsera mapointi 2. Wopambana ndi amene watsiriza ndi mapointi ochepetsetsa. Mabungwe monga SORRCA ndi WRCCA amasiyana apa ndi apo pa manambala ndi pa magulu a tigalimoto, koma phata la nkhani ndi lomwelo. Nthawi imangokhala malire. Mwambi uja wakuti fulumira anadya gaga umagwira ntchito pa chipata chilichonse.

Kayendetsedwe kake nako kamatsutsana ndi zimene munthu angayembekezere. Oyamba ambiri amazemba mwala kuti udutse pakati pa matayala, poganiza kuti ndiko kusamala. Apo ndi pamene difu kapena mimba imakakamira, matayala n'kutsala m'malere. Odziwa amakweza tayala pamwamba pa mwala weniweniwo, ndipo thupi lonse limanyamuka nalo. Tayala likayamba kuterera, woyamba amawonjezera moto, pamene wozolowera amachepetsa n'kugwedeza chiwongolero uku ndi uku mpaka mphira utapeza pogwira. Pamwala wokhala ngati sitepe amaufikira chopendekera pang'ono kuti matayala akwere limodzi limodzi. Asanayatse n'komwe rimoti amayamba wayendera bwalo lonse ndi maso, kuona pamene tayala lililonse likaponde.

Mukamvetsa zimenezi, chikhulupiriro china chimagwa chokha, chakuti woyamba ayenera kusaka mota yothamanga koposa. Mota za tigalimotozi zimalembedwa nambala yotsatana ndi chilembo cha T, yonena kuchuluka kwa mizere ya waya wokulungidwa mkati. Nambala ikakula, mota imazungulira pang'onopang'ono ndipo imamvera bwino chala. Ya 12T ndi ya liwiro, pamene okwera miyala amakonda 35T, 45T ngakhalenso 55T. Mota wamba ya mabulashi, yotsika mtengo ija, imamukwanira woyamba. Chofunika kusankha mosamala ndi kabokosi kolamulira moto wopita ku mota, kotchedwa ESC, chifukwa kayenera kukhala ndi buleki yogwira yokha mukangochotsa chala, kuti kagalimoto kaime pamtsetse osatsetsereka. Hobbywing QuicRun 1080 ndi imodzi mwa zodziwika pa ntchitoyi. Matayala onse anayi amakoka, ndipo difu imakhala yokhoma, kuti limodzi likalendewera m'mwamba atatu otsalawo apitirize kukankha. Madalaivala amene amakwera ku Chididi m'dzinja akudziwa zimene zimachitika difu ikakhala yosakhoma: tayala lopanda pogwira limazungulira lokha, galimoto ili pomwepo.

Ngati pali poti muike ndalama yowonjezera, ine ndingati yambani ndi matayala. Tayala labwino ndi la mphira wofewa, lokhala ndi siponji mkati m'malo mwa mpweya, kuti lizipindika n'kugwira mwala. Pa tigalimoto ta 1/10, ndiko kuti tochepa kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, malimu ofala ndi a mainchesi 1.9 ndi 2.2, ndipo magulu a mpikisano nthawi zambiri amagawidwa potengera kukula kwa matayala. Pambuyo pa matayala pamabwera nkhani ya kulemera. Anthu amaganiza kuti kagalimoto kokwera kwambiri m'mwamba ndiko kabwino poti sikakhula mimba pamiyala. Kukwerako kumathandizadi, koma kukapyola muyeso kagalimoto kamagubuduzika msanga. Aliyense amene anatsitsapo matumba a makala panjinga kuchokera kumapiri akudziwa kuti thumba lomangidwa pamwamba kwambiri ndilo limagwetsa munthu pakona. N'chifukwa chake odziwa masewerawa amatsitsa batire pansi, amalisunthira kutsogolo, ndipo amamangirira tizitsulo tolemera pafupi ndi matayala akutsogolo, kuti pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera akhale kutsogolo ndipo mphuno isanyamuke pokwera. Zimenezi sizilira sitolo yakunja. Wowotcherera zitsulo wa pa boma la Nsanje angathe kukudulirani tizitsulo toyenera, ndipo ena amangokulunga waya wa mtovu mkati mwa limu. Kenaka yang'anani servo, kamakina kokhotetsa matayala akutsogolo. Ya magiya apulasitiki imatha msanga tayala likapanikizika pakati pa miyala, pamene ya magiya achitsulo imapirira.

Wina anena kuti, “Tigalimoto ta rimoti tili mbwee m'masitolo a mu Limbe, bwanji osangogula kamodzi?” Pa kusangalatsa mwana tilibe vuto, ndipo sindikutinyoza. Koma rimoti ya kachidole kawirikawiri imadziwa kuima kapena kupita ndi mphamvu yonse, kulunjika kapena kukhota kotheratu. Ya kampikisano imatsatira mlingo wa chala: mukakoka pang'ono kamayenda pang'ono, mukapotoza pang'ono kamakhota pang'ono, ndipo popanda zimenezo simungadutse chipata chopanikiza. Komanso kachidole giya ikathyoka kathera pomwepo, pamene kampikisano kamamasuka chiwalo ndi chiwalo, ndipo chiwalo chilichonse chimagulitsidwa pachokha. Pogula, funso loposa onse n'lakuti, “Masipeya ake amapezeka?” Mantha akale aja akuti anthu awiri akayatsa pamodzi wina amayendetsa ka mnzake anali oona pa marimoti a 27 MHz. Amakono amayendera 2.4 GHz, ndipo iliyonse imalumikizidwa ndi kagalimoto kake kokha.

Nkhani ya ndalama sindingaizembe. Anthu akamati awa ndi masewera a olemera, mbali yaikulu akunena zoona. Traxxas TRX-4, imene inatuluka mu 2017 n'kutchuka m'maiko ambiri, imagulidwa madola oposa 400 kunja, musanawerengere mtengo woitumizira ndi msonkho wa ku MRA. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chaka chomwe namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba m'chigwa chino m'mwezi wa Malichi. Banja limene likumanganso nyumba lisauzidwe ndi munthu aliyense kuti ligule kagalimoto. Ndalama ya chimanga ndi ya fizi igwire ntchito yake.

Komabe khomo lolowera linakula kuposa kale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, okonda masewerawa ankaphwasula Clod Buster ya kampani ya Tamiya ya ku Japan, imene inatuluka mu 1987, n'kutenga maekiselo ake kumangira tigalimoto tawotawo. Kampani ya Axial inadzatulutsa AX10 Scorpion mu 2007, yopangidwira kukwera miyala, kenaka SCX10 imene ikadali yofala mpaka lero. Mu 2019 inatulutsa SCX24, ya 1/24, yotalika pafupifupi masentimita 20, yokwana m'chikwama cha sukulu, ndipo mtengo wake sufika ngakhale theka la yaikulu ija. Traxxas nayo inabweretsa TRX-4M ya 1/18 mu 2022. Pansi pa zimenezi pali za ku China monga WPL ndi MN, zotsika mtengo kwambiri. Zina mwa izo zimafuna kusintha servo ndi matayala, koma munthu amaphunzirirapo bwino. Masitolo a zoterezi alipo ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo zogwiritsidwa kale ntchito zimagulitsidwanso kumeneko. Mukamatuma achimwene amene ali ku Joni, alembereni dzina ndi nambala yeniyeni ya chinthucho, chifukwa mukangoti “kagalimoto ka rimoti” adzakubweretserani kachidole ndi mtima wabwino. Auzeninso kuti atenge komangamanga kale, kolembedwa RTR, kobwera ndi rimoti, mota ndi servo zake. Kobwera m'zidutswa kamaoneka kotchipa pakatoni, koma zamagetsi zonse mumagula padera.

Pali chinthu china chimene onena za olemera aja sanachione, ndipo ndicho chimandisangalatsa koposa. Pa mpikisano wa liwiro aliyense amafunika kake, chifukwa onse amanyamuka nthawi imodzi. Pa wokwera miyala m'bwalo mumalowa kamodzi pa nthawi, ena akuonerera. Ndiye kuti kagalimoto kamodzi kangathe kukwanira anthu khumi. Gulu la achinyamata a pampingo, kalabu ya sayansi pa sekondale, kapena anyamata a kabaza amene amachita kale chipereganyu angasonkhe n'kugula kamodzi ndi mabatire awiri kapena atatu. Kwa ine mpikisano wotere ndi wachilungamo kuposa umene wa thumba lalikulu amabwera ndi zipangizo zapamwamba, pakuti onse amagwira rimoti yomweyo ndipo chowasiyanitsa chimakhala diso ndi chala. Ingogwirizanani poyamba amene azikasunga ndi mmene muzisonkhera chinthu chikathyoka, chifukwa chidzathyoka ndithu.

“Nanga magetsi?” Midzi yambiri ilibe mawaya a ESCOM, ndipo amene ali nawo sanaiwale mdima umene unatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ataononga Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Koma kagalimoto kokwera miyala kamadya moto pang'ono poti sikathamanga, mwakuti batire limodzi la kakakulu likhoza kutha ola lathunthu. SCX24 imabwera ndi tchaja ya USB, yolowa pomwe mumatchajira foni. Matchaja ambiri a mabatire akuluakulu, monga iMAX B6, amalandira moto wa mavolti 12, choncho batire la sola kapena la galimoto limakwanira.

Chimene tiyenera kuopa kuno ndi kutentha, ndipo apa ndikupempha kuti mumvetsere ndithu. Mabatire ofala pa masewerawa ndi a LiPo. Selo iliyonse ndi ya mavolti 3.7 ndipo ikadzaza imafika 4.2. Lolembedwa 2S lili ndi maselo awiri, mavolti 7.4, pamene la 3S lili ndi atatu, mavolti 11.1. Ambiri timaganiza kuti batire ndi batire, lingatchajidwe ndi tchaja iliyonse n'kusiyidwa usiku wonse. La LiPo silitero. Likapyola 4.2 pa selo, likabooka, kapena likatenthedwa kwambiri, limatupa ndipo limatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Ku Nsanje kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto yotseka magalasi kapena pafupi ndi malata masana kumaposa apo. Tchajani m'mawa kapena madzulo, pamthunzi, inu muli pomwepo, batire lili mumphika wadothi wothiramo mchenga, kutali ndi denga laudzu ndi nkhokwe. Tchaja ikhale yolinganiza maselo. Musalimalize mpaka kuferatu, pakuti selo ikatsika kupitirira mavolti 3 imaonongeka. Ngati papita masabata musakusewera, lisungeni pa 3.8 pa selo m'malo molisiya lodzaza. Lotupa lisagwirenso ntchito ngakhale likuoneka kuti likadali ndi moto. Kumene kagalimoto kazigwiridwa ndi ana, ine ndingasankhe batire la NiMH la mavolti 7.2 ngati kagalimotoko kamalilandira. Ndi lolemera, mphamvu yake ndi yocheperako, koma silichedwa kukhululuka zolakwa. Mota nayo imatentha: mukaikhudza n'kulephera kusungapo chala, ipumitseni.

Pamakatoni ambiri amalembapo kuti madzi salowa. Zoona zake n'zakuti zamagetsi ndizo zimamatidwa, koma mabeyaring'i ndi zomangira zimachita dzimbiri, ndipo mchenga ukasakanikirana ndi girizi umadya magiya. Mukadutsa m'madzi kapena m'makande, tsukani, umitsani, thirani oyilo. M'mbali mwa Shire musasewereremo n'komwe, ng'ona za mumtsinjewu tonse tikuzidziwa. M'makwawa otsika kumapiri namo madzi amafika mwadzidzidzi m'dzinja, ngakhale pamene mwaimapo mvula isakugwa. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala, miyala itauma, dzuwa lisanakwiye.

Chikhulupiriro chimene chimandipweteka mumtima n'chakuti munthu wogwira rimoti wabwerera ku chibwana ndipo palibe chimene angapindule. Makolo akamatero amakhala akuteteza nthawi ndi ndalama za mwana wawo, ndipo ayenera kuyankhidwa mwaulemu. Mibadwo ya ana a m'Malawi yakhala ikupinda mawaya kupanga galimoto, matayala a zitini za polishi kapena a patapata zakutha, zomanga ndi malegeni, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Luso limeneli linafika mpaka m'buku la ana lotchedwa Galimoto, limene Karen Lynn Williams anatulutsa mu 1990, lokamba za mnyamata wa ku Malawi. Mwana amene anapangapo galimoto yotere analimbana kale ndi nkhani ya ekiselo, ya kakhotedwe ka matayala ndi ya masipuling'i. Kagalimoto ka rimoti kamangowonjezerapo magiya ndi magetsi. Ngakhale kukongoletsa kuja, kuika magalasi, nambala ndi tayala la sipeya, kuli ndi malo ake: pa malamulo a SORRCA kagalimoto kofanana kwambiri ndi galimoto yeniyeni, kokhala ndi bodi yolimba, dalaivala mkati ndi katundu wake, kamachotseredwa mapointi. Pa mpikisano wanu palibe choletsa kuti mmisiri wa mawaya amange bodi yakeyake pamwamba pa tchesisi yogula.

Zipangizo zake, batire la LiPo, ESC, mota ndi rimoti ya 2.4 GHz, ndi za mtundu womwewo ndi zimene zili mu ma drone. Dziko lino linatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu mu 2017, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba ku Lilongwe mothandizidwa ndi UNICEF. Ma drone agwirapo kale ntchito yojambula malo osefukira madzi m'chigwa chino. Sindikulonjeza kuti aliyense wosewera adzapeza ntchito. Ndikunena kuti mtsikana kapena mnyamata amene waphunzira kuwotcherera waya, kuyeza mavolti ndi kusamala batire waphunzira zomwe amafunanso wokonza masola ndi wokonza mafoni. Mtsikana ndamutchula dala, pakuti masewerawa safuna minofu, ndipo gulu limene lidzamuike kumbuyo kuti azingoonerera lidzadzimana lokha oyendetsa abwino.

Malo ochitira mpikisano safuna simenti kapena mpanda. Kwa ka 1/24, mulu wa njerwa zosweka, miyala ya pakhomo ndi zitsa zingapo pansi pa mtengo wa mango zikwanira. Ka 1/10 kamafuna miyala yokulirapo, ndipo m'munsi mwa mapiri a kumadzulo kwa boma ilipo yambiri. Pemphani kaye kwa anyakwawa kapena kwa mwini malo, pewani manda ndi malo a miyambo, ndipo matanthwe a ku Mwabvi asiyeni, pakuti ndi malo otetezedwa okhala ndi malamulo ake. Posowa mipira ya tenisi, dulani mabotolo apulasitiki chakunsi, muwapake penti n'kulembapo manambala. Yambani ndi zipata zisanu zotakasuka, pamalo poti woyamba angathe kutsiriza, n'kupatsa aliyense mphindi zisanu. Woweruza akhale munthu amene sakupikisana nawo ulendo umenewo, ndipo azitchula chilango mokweza nthawi yomweyo, “Rivesi, imodzi!”, kuti pasakhale zolimbana pamapeto. Mkangano wofala ndi wa kubwerera m'mbuyo komweko: kagalimoto kakabwerera kokha pamtsetse woyendetsa asanalamule, kodi n'chilango? Malamulo ambiri amawerengera tayala likangozungulira chammbuyo, kaya mwafuna kaya simunafune. Gwirizanani zimenezi rimoti isanayatsidwe, mulembe papepala limodzi loti aliyense alione, ndipo m'thumba la gulu musasowe masipanala a hex a mamilimita 1.5, 2 ndi 2.5, zomangira zapadera ndi servo imodzi yosungira.